Mtengo wa Dzina pa Intaneti

Tsiku lomwe tidayamba kuphunzira za Ferdinand de Saussure, mphunzitsi wathu adalemba mawu oti chambo pa bolodi n'kutifunsa ngati m'zilembo zisanu ndi chimodzizo tikuonamo mamba kapena minga. Tidaseka. Mfundo yake idali yoti palibe ubale wachibadwidwe pakati pa mawu ndi chinthu chomwe mawuwo akuimira. Ndi mgwirizano chabe wa anthu olankhula chilankhulo chimodzi. Mawu ndi a tonse, ndipo palibe amene amalipira msonkho kuti atchule nyanja. Ine ndidalemba zonsezi m'kope, koma mtima udali kwathu ku Mangochi, kwa achimwene anga, amene adagulitsapo mawu awiri pa mtengo wa madola 300 a ku America, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikatchulidwa amangoti kukamwa pululu. Pali msika umodzi pomwe mawu amakhala ndi mwini wake mmodzi, amagulidwa, amasungidwa, n'kugulitsidwanso. Nkhani ino ikufotokoza za msika umenewo.

Achimwenewo amakhala ku Chembe, mudzi waukulu wa asodzi womwe alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Ntchito yawo ndi yonyamula alendo pa boti kupita nawo ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba. M'chaka cha 2017 mlendo wina amene adakondwera ndi ulendo wake adawathandiza kutsegula tsamba la pa intaneti. Dzina la tsambalo lidali lapafupi: dzina la malo, liwu limodzi la Chingerezi losavuta, kenaka .com kumapeto. Sindilitchula pano chifukwa lili ndi mwini wake wina tsopano. Adalilemba ndi penti m'mbali mwa boti, adalisindikiza pa timapepala, ndipo alendo obwerera kwawo ankapatsirana.

Kenaka kudadza Covid-19. Chaka cha 2020 chidatha gombe lili zii, injini ya boti idafa, ndipo tsiku lolipirira dzina lija lidayandikira. Kumayambiriro kwa 2021 kudabwera kalata ya pa imelo kuchokera kwa munthu amene sadamuonepo, yofunsa ngati angagulitse dzinalo. Munthuyo adatchula madola 300. Achimwene adavomera tsiku lomwelo. Patatha zaka ziwiri, ine ndikuyesa kutsegula tsamba lija pa foni, ndidapeza chikwangwani chonena kuti dzinali likugulitsidwa pa madola 4,500.

Tisanaweruze ngati adaberedwa kapena ayi, tiyenera kudziwa chomwe adagulitsa. Kompyuta iliyonse yosunga masamba a pa intaneti ili ndi nambala yake, monga momwe foni iliyonse ilili ndi nambala. Manambalawa ndi ovuta kuwaloweza. M'chaka cha 1983 katswiri wina wa ku America, Paul Mockapetris, adakonza njira yolumikizira manambalawo ku mayina, kuti munthu akalemba dzina, makina azipeza okha nambala yake. Dzina lotereli ndi lomwe amalitcha domeni. Loyamba kulembetsedwa ndi mathero a .com lidali symbolics.com, pa 15 Malichi 1985. Kwa zaka khumi kulembetsa kudali kwaulere. Kulipira kudayamba m'chaka cha 1995, pa mtengo wa madola 100 pa zaka ziwiri.

Chofunika kumvetsa n'chakuti dzina lotere siligulidwa monga njinga, koma limachitidwa lendi. Pali kampani kapena bungwe losunga kaundula wa mathero aliwonse, ndipo pali ogulitsa ambirimbiri amene amalembetsa anthu m'kaundulamo. Kaundula wa .com amasungidwa ndi kampani ya Verisign, yomwe m'chaka cha 2024 idaika mtengo wake wa pikulitsa pa madola 10.26 pa chaka. Ogulitsa monga GoDaddy ndi Namecheap amaonjezerapo phindu lawo. Munthu atha kulipiriratu mpaka zaka khumi, koma akaleka kulipira, dzinalo limadikira kwa milungu ingapo kuti mwina mwini wake aliwombole pa mtengo wokwera, kenaka limabwerera poyera ndipo aliyense atha kulitenga. Choncho chomwe munthu amagulitsa ndi malo ake pa mzere: ufulu wopitiriza kulipira lendi ya dzina lomwe wina aliyense sangalipeze.

Mathero nawo ali ndi mbiri. Dziko lililonse lidapatsidwa zilembo ziwiri: .zm ndi Zambia, .mz ndi Mozambique, .za ndi South Africa, ndipo .mw ndi ifeyo. Masiku oyambirira udindo wogawa zilembozi udali m'manja mwa munthu mmodzi, Jon Postel wa ku University of Southern California, yemwe nthawi zambiri ankapereka kwa woyamba kupempha. Zilembo za .mw zidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997 ndipo zidapita kwa wamalonda wina wa ku Britain amene pa nthawiyo ankakhala m'dziko muno. Padatenga zaka zisanu kuti m'chaka cha 2002 udindowu uperekedwe ku bungwe la Malawi SDNP, lotsogozedwa ndi Dr Paulos Nyirenda. Dziko lonse lathunthu lidatsala pang'ono kuona zomwe adaona achimwene anga: dzina lako lomwe, chiphaso chake chili m'thumba la wina.

Tsono mtengo umachokera kuti? Kwathu mtengo wa usipa aliyense amaudziwa. Mwezi ukawala, nyali za asodzi sizikopa nsomba, usipa umasowa ndipo ndowa imakwera. Mwera ukawomba masiku atatu otsatizana, imakweranso. Mayi wa geni amene wagula pa thandala ku Msaka kapena ku Makawa amadziwa kuti ku Limbe akagulitsa bwanji, ndipo msodzi naye amadziwa, chifukwa mnzake pa thandala linalo akugulitsa usipa womwewo. Ndowa iliyonse ili ndi inzake yofanana nayo. Dzina la pa intaneti lilibe linzake. Palibe thandala lina loti ukasuzumire. Ndiponso usipa umawola ukachedwa kugulitsa, pomwe dzina likhoza kukhala zaka khumi osasintha, bola lendi ikulipiridwa. Amene ali ndi ndalama zodikirira ndiye amalamula mtengo.

Anthu amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsanso mayina ali ndi zomwe amayang'ana, ndipo zambiri mwa izo ndi nkhani za chilankhulo, ngakhale iwo sazitcha choncho. Amafuna dzina lalifupi. Amafuna dzina loti munthu akangolimva pa wailesi kapena m'minibasi athe kulilemba osalakwitsa. Apa mayina athu ambiri amagwa mayeso, osati chifukwa ndi oipa, koma chifukwa kalembedwe kake sikadakhazikike. Pa msewu wa ku Monkey Bay mupeza zikwangwani zina zalemba Nkhudzi, zina Nkudzi. M'mabuku ena akale muli Mangoche. Ifenso tikamalemba mayina achilendo timasinthanitsa l ndi r osazindikira, ndipo Maclear yekhayo ndamuona atalembedwa m'njira zosachepera zitatu pa maboti a ku Chembe. Kalembedwe kalikonse ndi dzina lina pa intaneti, ndipo mlendo wolakwitsa chilembo chimodzi amakagogoda pa khomo la eni ake ena.

Palinso malire a zilembo. Poyamba dzina linkaloledwa kukhala ndi zilembo 26 za Chingerezi, manambala ndi kamzere kolumikizira basi. Kuyambira m'chaka cha 2003 padakonzedwa njira yolandirira zilembo za zilankhulo zina, koma si kaundula aliyense amene amalola chilembo chilichonse, ndipo ndi anthu ochepa amene angapeze ŵ pa foni yawo. Nkhodolero ndiye siloledwa n'komwe. Wogulitsa ng'ombe ayenera kulemba ngombe, ndipo wosula ng'oma amasanduka wa ku Ngoma. Kusiyana kwa ng' ndi ng, komwe kwa ife n'kwa maliwu awiri osiyana kotheratu, makinawa sakudziwa.

Koma chachikulu pa zonse ndi funso loti: ndani akufuna dzinali, ndipo ali ndi ndalama zingati? Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa monga wophunzira zilankhulo. Malo ambiri a kum'mwera kwa nyanja ali ndi mayina awiri. Chembe ndi Cape Maclear, dzina lomwe David Livingstone adapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town amene sadapondepo mchenga wake. Lusumbwe ndi Monkey Bay. Mangochi weniweniyo adali Fort Johnston kuyambira 1891 mpaka dziko litalandira ufulu. Nyanja nayo ndi Malawi kwa ife, Nyasa kwa a ku Tanzania, Niassa kwa a ku Mozambique. Mlendo wa ku Berlin kapena Johannesburg amene akufuna kudzaona Lake Malawi National Park, malo omwe adakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, salemba Chembe pa kompyuta yake. Amalemba dzina lomwe lili m'buku lake la ulendo. Motero pa msikawu dzina la atsamunda ndi lodula kuposa dzina lomwe agogo athu ankatchula. Sikuti makinawa amadana ndi Chichewa kapena Chiyao. Mtengo umatsata thumba la wofufuza, ndipo wofufuza wa ndalama amalankhula Chingerezi.

Mbiri ya msikawu ili ndi anthu ambiri amene adagulitsa msanga. Dzina la business.com lidagulidwa mu 1997 pa madola 150,000 ndi Marc Ostrofsky wa ku Texas. Pa nthawiyo mtengowu udali wodabwitsa, ndipo wogulitsayo ayenera kuti adagona tulo tabwino. Mu 1999 Ostrofsky adaligulitsa pa madola 7.5 miliyoni. Mu 2019 voice.com lidapita pa madola 30 miliyoni. Maiko nawo adalowamo. Tuvalu, dziko la tizilumba m'nyanja ya Pacific lomwe anthu ake ndi pafupifupi 11,000, lidapatsidwa zilembo za .tv mwa mwayi chabe wa kalembedwe ka dzina lake. Mu 2000 lidachita mgwirizano wa madola 50 miliyoni pa zaka khumi ndi ziwiri ndi kampani ya ku America, ndipo chaka chomwecho lidakwanitsa kulowa m'bungwe la United Nations. Patapita zaka, atsogoleri ena a dzikolo adayamba kudandaula poyera kuti zomwe ankalandira zidali zochepa poyerekeza ndi phindu la kampani yoyendetsa kaundulayo. Chilumba cha Anguilla, chomwe chidapatsidwa .ai kalekale makina anzeru asanatchuke, chidapeza madola pafupifupi 32 miliyoni mu 2023 mokha. Ife .mw sikutanthauza kanthu m'Chingerezi, ndiye mwayi wotere sudatigwere.

Nkhani zimenezi n'zokoma kuzimva, koma zimasocheretsa. Ndi nkhani za msodzi amene adakola kampango wamkulu ngati munthu. Za masiku mazana omwe adabwerako ndi bwato lopanda kanthu sizikambidwa. Mayina olembetsedwa padziko lonse amaposa 350 miliyoni, ndipo unyinji wa omwe aikidwa pa msika sapeza wogula chaka ndi chaka. Wosunga mayina chikwi amalipira lendi ya onse chikwiwo, ndipo ochepa amene agulidwa ndiwo amalipirira anzawo. N'chifukwa chake amagula motchipa kwambiri n'kutchula mtengo wokwera kwambiri. Madola 4,500 omwe ndidaona pa foni paja ndi mtengo wotchula, osati wogulitsira. Mpaka tsiku lomwe ndikulemba nkhaniyi chikwangwanicho chidakalipo, kutanthauza kuti wogulayo wakhala akulipira lendi zaka zonsezi osalandira kalikonse.

Nditawafotokozera achimwene zimenezi ndinkaganiza kuti mtima wawo ukhala pansi. Tidali pa khonde, iwo akusoka ukonde wa mnansi wawo. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Chemwali, inu mukuwerenga za munthu uja. Ine ndikuwerenga za alendo anga." Adali ndi mfundo yomwe ine ndi mabuku anga ndidaiphonya. Dzina lili ndi mitengo iwiri. Pali mtengo womwe mlendo angalipire pa msika, ndipo pali mtengo wa ntchito yomwe dzinalo likumugwirira mwini wake. Pa zaka zinayi dzina lija lidafalikira m'timapepala, m'zithunzi za alendo momwe boti likuoneka, ndi m'mauthenga omwe anthu ankatumizirana. Keyala yawo ya imelo idali pa dzina lomwelo, ndipo tsiku lomwe lidasamutsidwa, makalata onse opita kumeneko adaleka kufika. Alendo atayambiranso kubwera mu 2022, ena adawapeza mwa kufunsa pa gombe n'kuwauza kuti adalemba kawiri konse osayankhidwa. Amene sadafunse adakwera maboti ena, ndipo chiwerengero chawo palibe angachidziwe. Wogula uja adalipira mtengo wa mawu awiri, koma adatenga ndi njira yomwe yofikira pa khomo.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja nkhani yotere si yachilendo kwa iwo. Kuchokera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay kuli mipanda yambiri ya nyumba zopumulirako alendo pamalo pomwe kale padali madooko ndi minda. Mabanja ena amene adapereka malowo pa ndalama zomwe zinkaoneka zambiri pa nthawiyo lero amazungulira mtunda wautali kuti akatunge madzi kapena kukachapa. Iwonso ankaganiza kuti akugulitsa mchenga.

Kodi lamulo lingathandize? Pa nkhani ya achimwene, ayi, chifukwa adagulitsa mwa kufuna kwawo. Bungwe la ICANN, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998 kuti liziyang'anira mayinawa, lidaika mu 1999 ndondomeko yothetsera mikangano popanda kupita ku khothi. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti amene ali nalo alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti adalilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Zitatu zonsezi ziyenera kukwanira. Woimba wa ku America, Madonna, adapambana mlandu wotere mu 2000. Koma mayina a malo satetezedwa kwenikweni ndi ndondomekoyi. Boma la New Zealand lidadandaula chaka chomwecho pofuna kulanda newzealand.com kwa kampani ina ya ku America, lidagonja, ndipo mu 2003 lidachita kugula dzinalo pa madola miliyoni imodzi a dzikolo. Ngati boma lidalephera, mwini boti wa ku Chembe sangayambe n'komwe, makamaka poti ndalama yongotsegulira dandaulo kawirikawiri imaposa madola chikwi.

Chomwe chikadathandiza chidali chaching'ono kwambiri, ndipo n'chomwe chimandipweteka. Wogula akayamba yekha kukulembera, ndiye kuti waona kanthu, ndipo mtengo woyamba kutchula sukhala womaliza. Pali masamba monga NameBio omwe amasunga mitengo yomwe mayina ena adagulitsidwira, ndipo munthu atha kufufuzapo mayina ofanana ndi lake. Ili ndiye thandala lina lija loti usuzumire, ngakhale silifanana ndendende. Pali misika monga Sedo ndi Afternic komwe munthu amaika dzina lake poyera kuti ogula apikisane, eni msika n'kudulapo gawo lawo. Pali makampani ogwirizira ndalama pakati, monga Escrow.com, kuti wogulitsa asapereke dzina asanalandire. Akadatha kupempha miyezi itatu yosamutsira makalata. Akadathanso kubwereketsa dzinalo m'malo moligulitsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma achimwene akadafunsa ndani? Ine ndidali ku sekondale. Mlendo amene adawatsegulira tsamba adali atasowa kalekale. Zonse zokhudza msikawu zidalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo m'Chichewa tilibe ngakhale liwu logwirizana la chinthu chomwe ankagulitsacho.

Komabe sindikufuna kuwasandutsa chitsiru, chifukwa sadali. Munthu woweruza lero amadziwa kuti mliri udatha ndipo alendo adabwerera. Mu Januwale 2021 palibe amene ankadziwa. Lendi ya dzina ndi ya malo osungira tsamba imalipiridwa m'madola kudzera pa khadi la ku banki, ndipo iwo khadi lotere adalibe. Chaka chilichonse ankachita kupempha munthu wina kuti awalipirire n'kumubwezera makwacha. Kwacha nayo idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutanthauza kuti lendi yomweyo ikadakhala ikulemera chaka ndi chaka. Akadalephera kulipira, dzinalo likadagwa lokha, ndipo pali makampani omwe makina awo amadikirira mayina akugwa n'kuwawakha nthawi yomweyo. Akadataya zonse osalandira ngakhale tambala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Madola 300 aja adakonzetsa injini, ndipo injiniyo ndi yomwe idandilipirira mayeso a Fomu 4. Kudandaula kwawo n'koona, koma nthawi zina ndimaona kuti akuyerekeza chomwe adalandira ndi mtengo wa dziko lomwe pa tsikulo kudalibe.

M'maganizo mwanga, cholakwika sichidali kugulitsa, koma kuvomera tsiku lomwelo, osagonapo, osadziwa kuti dzina ndi imelo zimayendera limodzi. Wogulayo sadaname pa chilichonse. Adangodziwa zambiri kuposa wogulitsa, monga momwe wa lole wochokera ku Lilongwe ankadziwira zambiri kuposa msodzi mafoni asanafike ku gombe. Mafoni atafika, asodzi adayamba kuimba kaye ku tauni asanatchule mtengo wa ndowa.

Chaka chatha achimwene adalembetsa dzina lina. Loyamba lomwe adafuna lidali litatengedwa, lachiwiri nalonso. Ndidawalangiza kuti aikemo Chembe, ndikuwauza kuti ndi lalifupi, alibe opikisana nawo, ndipo ndi dzina lenileni la kwawo. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adavomera, mwina pongofuna kusangalatsa mwana wa sukulu. Tidalipira zaka zitatu nthawi imodzi, ndipo mawu achinsinsi otsegulira adalembedwa m'kope lomwe mayi amasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ku sikelo. Dzina lakale adalifafaniza ndi penti yabuluu m'mbali mwa boti n'kulemba latsopano pamwamba pake. Penti ya ku Monkey Bay siichedwa kusuluka, ndiye dzuwa likapendeka zilembo zakale zimaonekera pansi pa zatsopano. Alendo ena amafunsa kuti Chembe ndi ndani, ndipo achimwene amawalozera mudzi womwe aimamo.